Matope a M'maikolofoni

Alamu anga a ku Liwonde amaimba kiyibodi m'kwaya, koma mukaitchula choncho amakwinya nkhope. Amati ndi piyano, poti ili ndi makiyi 88 ngati yeniyeni. M'mwezi wa Okutobala anaganiza zojambula nyimbo yotumizira chemwali awo ku Johannesburg, ndipo ine, amene ndinangopitirako chambo, ndinapezeka ndili woweruza mpikisano wa mamaiki atatu otchipa. Ndi kumeneko ndinamvetsa kuti amene anati walira mvula walira matope ayenera kuti anagulapo maiki.

Yoyamba inali ya m'foni. Dzanja lamanja inalimva bwino, koma mawu a besi inawameza onse. Kiyi yotsikitsitsa ya piyano imanjenjemera ka 27 pa sekondi, pamene foniyo anaipangira mawu a munthu wopempha ngongole. Nyimbo inatuluka ngati ikuimbidwira m'ndowa.

Yachiwiri tinabwereka kutchalitchi, yomangamanga ndi selotepi, yoti yaona maliro ndi maukwati osawerengeka. Ndi ya mtundu wa dynamic, yotengera kapangidwe ka Shure SM58 imene inatuluka mu 1966. Maiki yotere ili ngati agogo: imamva yekhayo amene wayandikira khutu. Piyano inamveka, koma yopanda mchere.

"Alamu," anatero mwini nyimbo, "ine ndikufuna maiki yomva chilichonse."

Apa m'pamene analirira mvula. Inabwera ya condenser, yonyezimira ngati golide, yosagwira ntchito popanda mavoti 48 ochokera m'mikisa. Ndipo inamvadi chilichonse. Inamva nyenje za mumtengo wa mango. Inamva belu la wakabaza. Inamva mayi wina akutsuka poto nyumba yachitatu. Titafika pakorasi, inamva sitima ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala, imene mutu wake ukawoloka Shire mchira umakhala usanatsanzike kumene ukuchokera. Sitima itatha, inamva m'mimba mwa alamu.

Tinakhoma mabulangete m'mazenera. Amene anakhalapo ku Liwonde mu Okutobala akudziwa kuti apa tinali titayamba kudziphika. Tinati tijambule usiku, dziko litagona. Dziko siligona, abale. Kuli agalu, kuli mvuu zoseka kumtsinje, kuli udzudzu umene unasankha maiki yomweyo kuti uimbire sopulano. Udzudzu utatopa, tambala wa pakhomo analandira.

Anatipulumutsa ndi mphwanga wa ku Balaka. Anthu a kumeneko, chiyambire Alleluya Band mu 1978 ndi situdiyo ya Imbirani Yahwe ya a Paul Banda, mwana aliyense amabadwa akudzimva kuti ndi pulojusa. Anatiyang'ana thukuta lili kamukamu, n'kutembenuza kiyibodi ija.

"Malume, mwavutikiranji? Kabowo aka n'ka chingwe."

Analumikiza chingwe kuchokera ku kiyibodi kukalowa m'mikisa, maiki osaikhudza n'komwe. Nyimbo inatuluka yoyera ngati ufa wa pa Khirisimasi. Popanda nyenje, popanda sitima. Alamu anavina. Potumiza pa WhatsApp, chala chinaterereka, zinapita zonse ziwiri, yoyera ndi yaphokoso ija.

Yankho linabwera madzulo, mawu akunjenjemera. "Achimwene, yoyerayo ndi yabwino, koma yotere ndikhoza kuimva paliponse kuno. Inayo ndaimvera kasanu. Kodi mtengo wa mango uja ukadalipo?"

Tinakhala chete. Ine ndimaona ngati mwambiwu timangoopsezera ana ofuna zambiri. Koma munthu amene watha zaka akuponda simenti ya eni ake, chimene amasowa ndi matope omwewo. Mvula imagwa kulikonse, matope okha ndi amene amanunkhira kwanu. Choncho mukandifunsa maiki yopambana pa itatu ija, ndinena kuti funsani kaye amene adzamvere.

Panopa alamu akukonza nyimbo yachiwiri, ndipo chingwe achibisa. Mabulangete achotsa, mazenera atsegula, ndipo sayamba kuimba mpaka njanji itayamba kugunda. Vuto latsala limodzi. Chemwali aja apempha kuti tambala adzalowenso pomwe analowa paja, koma tambalayo tinadyera nsima tsiku limene tinkathokoza mphwanga.