Chikamwini cha batire

Ku Mchesi mu Lilongwe, kuseri kwa mabedi ndi masofa amene amandandalikidwa m'mbali mwa msewu, kuli bwalo limene limakumana magetsi akazima. Makina opalira matabwa akangoti zii, akalipentala amasasa utuchi m'mutu, n'kukhala pa mulu wa paini wa ku Chikangawa, foni imodzi yosweka galasi n'kuyamba kuyenda m'manja. Nkhani yake imakhala zida za batire zimene makampani akunja akulengeza kuti atulutsa posachedwa. Palibe mmodzi wa ife amene adazigwirapo, ndipo zambiri sizidzafika n'komwe kuno, koma mkangano wake umamveka mpaka kwa amayi ogulitsa mandasi.

Ine ndine membala wokhazikika wa bwaloli. Musandifunse za luso langa pa matabwa. Chinthu chimene ndidakhomapo ndi manja anga ndi kabenchi kamene kunyumba kwathu nkhuku zokha ndi zimene zimakakhulupirira. Mpando pabwalo ndidaupeza chifukwa cha zinthu ziwiri: pakamwa, ndi bandulo ya intaneti ya usiku imene ndimathera pa YouTube kuonera azungu akuyesa zida m'magalaja aukhondo kuposa chipinda changa chogona.

Bwalo lathu n'logawikana potengera mitundu. Alipo achikasu, anthu a DeWalt. Alipo ofiira, anthu a Milwaukee. Alipo abuluu, anthu a Makita. Tsiku lina bambo wina wodzafuna bokosi la maliro adamva mnyamata akukuwa kuti “achikasu adatha kalekale, tsogolo lili kwa ofiira,” ndipo adabwerera pakhomo pomwepo ati sakufuna kulowa m'zandale pa nthawi ya chisoni. Chomvetsa chisoni china n'chakuti tikamaliza kutamanda mayina akuluakuluwa, aliyense amene ali ndi chida cha batire amakatulutsa cha Ingco kapena Total, chifukwa ndi zimene thumba la ku Mchesi limafikira.

Chimene chidandikulitsa mutu pabwaloli ndi mlandu wa 18V ndi 20V. Amuna awiri aakulu, oti ali ndi zidzukulu, adatsala pang'ono kugwirana m'makolala. Wina ankati drill yake ya 20V ndi yamphamvu kuposa ya mnzake ya 18V, pakuti ngakhale mwana wa sitandade 2 amadziwa kuti 20 amaposa 18. Ndidaimirira, n'kukonza kolala, n'kuwafotokozera kuti m'kati mwa mabatire onse awiriwo muli timabatire 5 tolumikizidwa mondondozana. Kalikonse kamapereka mavolti 3.6 pogwira ntchito, pamodzi 18. Kakangochoka pa tchaja kamafika pa 4, pamodzi 20. DeWalt yemweyo amalemba 20V MAX ku America ndi 18V ku Ulaya pa mabatire a mphamvu yofanana. Onse awiri adandiyang'ana, n'kugwirizana kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo kuti munthu wopanda ngakhale nyundo asamalowerere nkhani za amisiri.

Koma pali mfundo imodzi imene ndikailankhula bwalo limakhala chete. Munthu ukagula chida choyamba cha batire, walowa chikamwini. Umapita ukuganiza kuti wangotenga drill, osadziwa kuti wasamukira kumudzi kwa eni batire, ndipo kuyambira tsiku limenelo sowo, chopalira, tochi, zonse uzikagula kwa apongozi omwewo, pakuti batire la kampani ina sililowa pa chida cha kampani ina. Milwaukee ndi Ryobi wa ku America onse ali m'manja mwa Techtronic Industries ya ku Hong Kong, koma mabatire awo sapatsana moni. Makita, imene idayamba mu 1915 ku Nagoya ngati malo okonzera ndi kugulitsa mamota a magetsi, idatulutsa mabatire a LXT a 18V mu 2005, anthu n'kudzaza nawo mashelefu. Kenako idabweretsa XGT ya 40V, imene siilowa pa zida zakalezo. Apongozi amanga mudzi watsopano kutsidya, mkamwini yambanso kuumba njerwa. DeWalt adachitako ulemu mu 2016 ndi FlexVolt, batire losintha lokha mavolti kuti ligwire pa zida zazikulu ndi pa zakale zomwe. Ku Germany, Metabo ndi Bosch aliyense adasonkhanitsa makampani ena kuti azigwiritsa batire limodzi, koma migwirizano iwiriyo payokha sigwirizana.

Ine chikamwini changa ndidachilowa popanda mkazi. Alamu anga a ku Johannesburg adanditumizira drill pa basi, yatsopano, yonunkhira sitolo. Dzina la kampani ndalisunga. Nditatsegula katoni ndidapeza chida chokhachokha, pansi pake pali chibowo. Kumeneko amagulitsa choncho kwa anthu amene ali kale ndi batire ndi tchaja, n'chifukwa chake alamu adaipeza yotsika mtengo. Ndidawaimbira.

“Alamu, mwaiwala batire.”

“Sindinaiwale alamu. Batire ndi tchaja mtengo wake ukuposa drill. Inu ingoyambani ndi chomwe chilipocho.”

Ndidayamba nacho. Ndidachiika pa kabati pabalaza, pakati pa wailesi ndi maluwa apulasitiki. Kenako ndidapeza batire mu msika kwa mnyamata amene adalumbira pa manda a agogo ake kuti ndi lenileni. Pamwamba adalembapo 9.0Ah, koma kupepuka kwake ndikanatha kulitumiza ndi njiwa. Lidaboola bowo limodzi ndi theka pa thabwa la bulugamu, n'kupuma mpaka lero.

Mkulu wa bwalo lathu ndi madala ena amene akhala akupala mlombwa ndi mbawa kuyambira nthawi ya Kamuzu. Chala chawo chimodzi n'chachifupi kuposa mmene Mulungu adachilengera. Iwo samatsutsa zida zatsopano, amangofunsa mafunso. Nditawauza monyada kuti drill yoyamba yopanda chingwe idapangidwa ndi Black & Decker mu 1961, ndipo kuti mu 1971 anthu a Apollo 15 adaboola nthaka ya kumwezi ndi makina a batire, adangoti, “Nanga kumweziko adakhomako zitseko zingati?”

Tsiku lina ndidawaonetsa kanema wa SawStop, sowo ya patebulo imene Steve Gass wa ku America adaitulukira mu 1999. Mpeni wake umakhala ndi timagetsi tochepa, ndipo ukangokhudza khungu la munthu, chitsulo cha aluminiyamu chimaulumphira n'kuuimitsa diso lisanaphethire. Poonetsa anthu, eni ake amakankhira soseji ku mpeniwo m'malo mwa chala. Madala adaonera kawiri, n'kuyang'ana chala chawo chija nthawi yaitali. Ndinkayembekeza misozi. Iwo adafunsa kuti sosejiyo akatha amapatsa ndani. Nditawonjezera kuti makinawo amathanso kudziimitsa okha akakumana ndi thabwa lonyowa kwambiri, ndipo akatero umagula chitsulo china, kawirikawiri ndi mpeni womwe, bwalo lonse lidaseka mpaka kutsokomola. Matabwa ambiri amene amafika kuno amakhala oti dzana anali ndi masamba.

Pa chilungamo, anyamata okhoma madenga ndi amene ali ndi mfundo yolemera kuposa tonsefe. Iwo amagwira ntchito ku nyumba zatsopano kumene waya wa magetsi sunafike, ndipo kumanga malata ndi masikuluwu pogwiritsa chida cha batire kumawapulumutsa ku jenereta yobwereka ndi mafuta ake. Batire la 18V la 5Ah limasunga ma watt-hour 90, mphamvu yoti sola yapakhomo yokhala ndi inveta imabwezeretsa dzuwa lisanapendeke. Dandaulo lawo ndi kutentha. Batire la lithiamu ukalisiya pa malata mu Okutobala limakalamba msanga, ndipo zatsopano zimene iwo akudikira ndi batire lopirira dzuwa la ku Nsanje. Ine zimene ndikudikira ndi kachipangizo kolumikizira batire la kampani ina ku chida cha kampani ina. Tizipangizo totere tilipo kale pa intaneti, makampani eni zida satifuna, ndipo ndafotokozera bwalo ubwino ndi kuipa kwake mwatsatanetsatane ngakhale ndilibe batire loti ndilumikize.

Mayi a kunyumba atatopa ndi chitseko cha kukhitchini chimene chinkatsekedwa ndi mwala, adandifunsa kuti chidzakonzedwa liti. Ndidawayankha kuti munthu wanzeru sagula batire pamene mtundu watsopano uli pafupi kutuluka.

“Chabwino bambo, dikirani mtundu watsopanowo,” adatero.

Loweruka ndikuchokera ku bwalo ndidapeza madala aja ali pakhomo panga, akubweza tchizulo ndi chiboolero chawo chopukusa ndi manja m'thumba la saka. Chitseko chinali chikutseka ndi chala chimodzi. Adandiuza kuti mayi alipira kale, ndalama adatenga m'chitini china cholembedwa BATIRE chimene chinali pansi pa bedi, ndipo yotsala agula nkhuku. Kenako adaloza drill ya pa kabati ija n'kufunsa ngati ndingawabwereke Lolemba, kuli mapepala a kotesheni amene amauluka ndi mphepo.