Bongololo akadakhala ndi foni

Akuluakulu anati bongololo sadzolera mafuta pagulu. Ndipo n'zoona: palibe anamuonapo atagwira botolo, palibe akudziwa golosale yomwe amagulako. Mvula ikangogwa amatulukira ali phuliphuli, n'kumadutsa pabwalo mwaulemu ndi miyendo yake yonse, chinsinsi chili mumtima.

Ife a ku Thyolo mwambiwu timaumva bwino chifukwa kuno kubisala n'kovuta. Tiyi amamudulira msinkhu wa m'chiuno. Ukalowa m'munda ku Satemwa kapena ku Conforzi, kapitawo ali kutsidya amakuona kuyambira pamchombo mpaka kumutu. Chimene chinkatichitira chifundo ndi chiperoni. Nkhungu ikatsika mu June, ngakhale munthu amene uli naye ngongole ankakudutsa pamsewu wa ku Bvumbwe osakuzindikira.

Foni ilibe chiperoni. Mu 2017 tinaima pamzere kulembetsa chiphaso cha unzika, a NRB n'kutenga nkhope ndi zidindo za zala. Bongololo akadabwera tsiku limenelo, bwenzi mpaka lero akumudinda miyendo. Mu 2018 a MACRA anati simu khadi iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Kuyambira pamenepo nambala yako ndi mchira wako: kumene walowera, umatsalira panja.

Pitani pakakhumbi ka ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lamalipiro. "Nambala, bambo?" Umatchula mokweza chifukwa njinga zamoto zikusokosa. Iye amawerenga dzina lako lonse, ndi lija la ubatizo lomwe unalisiya kusukulu. "Mukutapa zingati?" Kumbuyo kwako kwaima eni nyumba, mayi wa zitumbuwa ndi mlamu wako, onse makutu ali tcheru. Usanafike pakhomo, uthenga walowa kuchokera kwa munthu wosamudziwa: "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi." Ndalama iti, achimwene? Mwamva kwa yani?

Koma tisanamizire anthu ena zonse. Bongololo wa lero amadzola yekha pagulu, n'kugulanso bandulo yoti anthu aonere bwino. Dzana unauza apongozi ku Thekerani kuti zinthu zavuta, ya feteleza idikire. Madzulo omwewo waika pa status mbale ya tchipisi ndi nkhuku ku Luchenza. Apongozi alibe foni, koma mdzukulu wawo ali nayo, ndipo amawasonyeza chithunzi chilichonse ngati nkhani za pa wailesi. Sunganenenso kuti uthenga sunauone, timizere tiwiri tabuluu tachitira kale umboni.

Ngakhale akuluakulu sapulumuka. Mu January 2022 dziko lonse linamvetsera zimene a Martha Chizuma, omwe anali mkulu wa bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, anakambirana ndi munthu wina pa foni. Munthuyo anawatepa, mawuwo n'kuwanda pa WhatsApp. Ngati zinawachitikira iwowo, nanga iwe wothyola tiyi amene umadandaula za sikelo pa voisi noti?

Malamulo alipo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu ali ndi ufulu wosunga zinsinsi zake, kuphatikizapo makalata ndi zokamba pa lamya. Mu 2024 kunabwera lamulo la Data Protection Act, lomwe limafuna kuti kampani kapena ofesi yosunga mbiri yako ikhale ndi chifukwa chomveka, ndipo woyang'anira ndi MACRA. Zabwino ndithu. Koma lamulo limagwira wakuba mafuta. Silingagwire dzanja la mwini mafuta amene wakwera pachulu kuti adzole.

Kutsogoloku, chinsinsi chidzatsala kwa amene batire lawathera. Ndinkati agogo anga ndiwo bongololo womaliza m'mudzi muno, mpaka tsiku lomwe mdzukulu anawajambula akufwenkha fodya, abale a ku Johannesburg n'kumaimba foni kuti gogo asiye.

Dzulo bongololo weniweni anakwera pakhonde pathu. Mwana wanga anathamangira foni, n'kumuyandikizira kamera pamphuno. Bongololo anangodzipinda, mutu mkati, miyendo yonse mkati, zii. Mwanayo anadikira, anamutokosa ndi kamtengo, anatopa n'kuchoka. Ine ndinalowa m'nyumba kukafufuta status ya nkhuku ija. Anthu 43 anali ataiona kale.