Magalasi a Kanema: Malangizo kwa Amene Wagula Kale

Magalasi a kanema ndi chipangizo chovala kumaso chimene chili ndi timasikirini tiwiri, kamodzi patsogolo pa diso lililonse. Kasikirini kalikonse sikakwana ndi inchi imodzi yomwe, koma mandala amene ali pakati pa iko ndi diso amakakulitsa n'kukaonetsa ngati kali patali, moti wovalayo amaona sikirini yaikulu italenjekeka m'malere mamita angapo patsogolo pake. Ambiri mwa magalasi amenewa sapanga okha chithunzi. Amachilandira pa waya kuchokera ku kompyuta, foni kapena makina a masewera. Ogula ake ali m'magulu awiri. Loyamba ndi la akatswiri, amene amawerenga manambala asanapise m'thumba. Lachiwiri ndi la munthu wamba, amene amawerenga manambalawo usiku wa tsiku logula, katoni atang'amba kale. Mlembi wa danga lino ndi wa gulu lachiwirili, ndipo ndiye akhale chitsanzo m'nkhani ino popeza salipiritsa.

Mbiri yake

Kampani ya Sony ya ku Japan inatulutsa magalasi otchedwa Glasstron mu 1996, ndipo posakhalitsa Olympus inabwera ndi akeake otchedwa Eye-Trek. Mu 2005 kampani ya eMagin ya ku America inagulitsa Z800, ndipo mu 2007 Vuzix, ya ku Rochester m'chigawo cha New York, inatulutsa VR920. Sony inabwereranso mu 2011 ndi HMZ-T1. Mu 2022 kunabwera Nreal Air, ya kampani ya ku China imene pano imatchedwa Xreal, yooneka pafupifupi ngati magalasi a dzuwa. M'zaka zonsezi lonjezo lakhala limodzimodzi: kanema wamkulu wa munthu mmodzi, wopanda wokudutsa kutsogolo ndiponso wopanda mwana wolirira katuni. Munthu wa nyumba ya zipinda ziwiri ndi rimoti imodzi salimba mtima akamva lonjezo lotere.

Timadontho

Chithunzi cha pa sikirini iliyonse chimapangidwa ndi timadontho tondandalikidwa m'mizere, ndipo kuchuluka kwa timadonthoti n'kumene akatswiri amakutcha resolution. Kumalembedwa ndi manambala awiri, ya m'litali ndi ya m'lifupi. VR920 inali ndi 640 × 480 pa diso lililonse, amene ndi madontho 307,200. Z800 inali ndi 800 × 600, amene ndi 480,000. HMZ-T1 inafika pa 1280 × 720, ndipo magalasi a masiku ano ngati Xreal Air ali ndi 1920 × 1080, madontho 2,073,600 pa diso.

Chovuta n'chakuti dontho lililonse limapangidwa ndi tizigawo titatu: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Otsatsa malonda ena ankawerenga tizigawoti m'malo mwa madontho. Mukachulukitsa 307,200 katatu mupeza 921,600, n'chifukwa chake magalasi a 640 × 480 ankatamandidwa kuti ali ndi madontho 920,000. Kawerengedwe kameneka ndi ka munthu amene ukamufunsa kuti ali ndi mbuzi zingati, amakuwerengera miyendo. Sananame, koma tsiku logulitsa mbuzi m'pamene zimadziwika. Munthu wamba amalemekeza nambala iliyonse yokhala ndi maziro ambiri, chifukwa pa pepala la malipiro ake sawaona kawirikawiri.

Mainchesi a pakatoni

Nambala imene imalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pakatoni si ya madontho ayi, ndi ya mainchesi. Vuzix inkati VR920 ili ngati sikirini ya mainchesi 62 yoonera pa mtunda wa mafiti 9. Xreal Air imatchulidwa kuti ndi mainchesi 130 pa mamita 4. Sony inanena kuti HMZ-T1 ndi sikirini ya mainchesi 750 yoonera pa mtunda wa mamita 20. Maso a munthu wamba amaima pa 750. Mawu akuti mamita 20 amawadumpha monga amachitira ndi mawu onse olembedwa ting'onoting'ono.

Komatu diso siliyeza mainchesi, limayeza kuti chinthu chatenga mbali yaikulu bwanji ya zimene likuona, ndipo zimenezi zimawerengedwa m'madigiri. Chinthu chachikulu chili patali ndi chaching'ono chili pafupi zingathe kutenga madigiri ofanana. Mainchesi 750 pa mamita 20 amadzaza diso mofanana ndendende ndi sikirini ya mu ofesi ya mainchesi 24 yoikidwa masentimita 64 kuchokera pamphuno. Amafanananso ndi foni ya mainchesi 6 yogwiridwa masentimita 16 kuchokera pamphuno yomweyo. Masamu amenewa akusonyeza kuti mlembi wa danga lino wakhala ali ndi kanema wa mainchesi 750 kwa zaka zambiri, ndipo amamuonera chagada usiku uliwonse mpaka atamugwera pamphumi.

Muyeso wothandiza ndi wa kuchuluka kwa madontho pa digiri iliyonse. Diso labwinobwino limatha kusiyanitsa madontho pafupifupi 60 pa digiri. VR920 inkapereka pafupifupi 25, pamene magalasi a 1920 × 1080 otambasuka madigiri pafupifupi 40 m'litali amapereka 48. Opanga akakulitsa chithunzi osawonjezera madontho, dontho lililonse limangofufuma, ndipo wovalayo amayamba kuona timizere ta pakati pake. Sikirini yaikulu ya madontho ochepa imangoonetsa bwino kuchepa kwa madonthowo.

Kanema ndi zilembo

Kanema amakhululuka. Nkhope ya munthu ikaoneka mwachimbuuzi, ubongo umamalizitsa wokha, ndipo galimoto yothamanga palibe amene amaiwerenga mabawuti. Zilembo sizikhululuka. Chilembo chaching'ono cha pakompyuta chimamangidwa ndi madontho owerengeka, moti awiri okha akasowa chimasanduka china. Apa ndi pamene pamagona nkhani ya magalasi ndi kompyuta, pakuti munthu wamba akamapempha chilolezo chogulira kunyumba satchula za mpira. Amati ndi zogwirira ntchito.

Kompyuta ikatumiza chithunzi cha 1024 × 768 ku magalasi a 640 × 480, madontho 786,432 amapanikizidwa m'malo a 307,200. Oposa theka amaphwanyidwira mwa anzawo. Chilembo m chimafanana ndi n, 3 amavala nkhope ya 8, ndipo ngongole ya pagolosale imakwera yokha popanda wotenga kanthu. Lamulo n'lakuti kompyuta izitumiza manambala enieni a timasikirini ta magalasiwo, osaposa kapena kuchepera. Pa 1920 × 1080 zilembo zimawerengeka bwino pakati, ngakhale za m'mphepete zimafuna kutong'ola maso. Mbali ina ya nkhani za m'danga lino inalembedwa mlembi asakuona bwino zimene akulemba, ndipo akonzi a nyuzipepala sanaonepo kusiyana kulikonse.

Malonje

Magalasi akalumikizidwa, amachita malonje ndi kompyuta kudzera m'kauthenga kotchedwa EDID. M'kauthengako amatchula dzina lawo, madontho amene angakwanitse, ndi kuti angasinthe chithunzi kangati pa sekondi, kawirikawiri ka 60 ndipo ena ka 120. Malonje akayenda bwino, chithunzi chimabwera chokha. Akasokonekera panjira, makamaka chifukwa cha adaputa yotchipa, kompyuta imangolota manambala akeake, ndipo anthu a pa kanema amatuluka onenepa ngati onse akwezedwa pantchito.

Pa Windows, kudina batani la Windows limodzi ndi P kumabweretsa zosankha. Duplicate imaonetsa zofanana pa laputopu ndi m'magalasi, koma imakakamiza onse awiri kugwirizana pa manambala amodzi, ndipo mmodzi amaluza. Extend imasandutsa magalasi kukhala sikirini yachiwiri yopitiriza yoyamba. Apa kamuvi ka mbewa kamatuluka kumanja kwa sikirini imodzi n'kusowa. Munthu wamba amaiyendetsa mbewayo patebulo ponse, kuinyamula, kuitembenuza, kuiuzira mpweya kumimba, kenako n'kusuzumira pansi pa magalasi, n'kupeza kamuvi kali phee pa laputopu, pamene kanali nthawi yonseyi.

Mabowo ndi mawaya

Magalasi akale ambiri ankalandira chithunzi pa waya wa mutu wachikasu, uja wa kuseri kwa DVD. Wayayu amanyamula chithunzi cha wailesi ya kanema yakale: mizere 480 ya NTSC ya ku America ndi ku Japan, kapena mizere 576 ya PAL, imene inkagwiritsidwa ntchito ku Britain ndi m'mayiko ambiri a mu Africa. Magalasi odziwa NTSC yokha akapatsidwa PAL amataya mitundu kapena chithunzi chimangogudubuzika. Kompyuta zambiri zinalibe bowo lachikasu m'pang'ono pomwe.

Bowo la kompyuta linali VGA, limene IBM inayambitsa mu 1987. Pulagi yake ndi yabuluu, ya timano 15 m'mizere itatu, ndi tizomangira tiwiri m'mbali timene kamodzi kamamanga bwino pamene kanzake kamangozungulira mpaka kalekale. Kadzino kamodzi kakapindika, mtundu umodzi umasowa ndipo dziko lonse limasanduka lapinki kapena lachikasu. Kenako kunabwera HDMI, imene imanyamula chithunzi ndi mawu pa waya mmodzi, koma magetsi amene imapereka ndi ochepa kwambiri moti sangayendetse magalasi.

Magalasi a masiku ano amagwiritsa ntchito USB-C, ndipo apa ndi pamene pagwera anthu ambiri. Mabowo onse a USB-C ndi ofanana pakamwa koma amasiyana m'mimba. Ena amangotchaja ndi kusamutsa mafayilo. Ena okha ndiwo amatulutsanso chithunzi, kudzera m'njira yotchedwa DisplayPort Alt Mode imene inakhazikitsidwa mu 2014. Pa laputopu, bowo lotere nthawi zina limakhala ndi kachizindikiro ka D pambali, kapena ka mphezi kosonyeza Thunderbolt. Mafoni a Samsung a mtundu wa Galaxy S a zaka zaposachedwa amatulutsa chithunzi, chimodzimodzinso iPhone 15 ya mu 2023, imene inasiya bowo la Lightning. Mafoni ambiri otchipa satulutsa. Pulagi imalowa bwinobwino mpaka kumveka kuti thi, koma m'maso muli bii. Foni ya mlembi wa danga lino ili m'gulu limeneli, ndipo nayo laputopu yake ya pakaunjika ili ndi mabowo ambirimbiri a mibadwo yonse kupatula lofunikalo.

Adaputa

Kompyuta ya HDMI yokha imafuna adaputa, ndipo adaputa imayenda mbali imodzi. Waya wopezeka paliponse, wolembedwa kuti USB-C ndi HDMI, amatenga chithunzi ku USB-C ya laputopu n'kupita nacho ku HDMI ya TV. Magalasi amafuna wobwerera, wochoka ku HDMI kupita ku USB-C, wokhalanso ndi kawaya kena kolowetsera magetsi. Kunja amafanana. Zokambirana za pamsika pa nkhaniyi zimayenda motere:

"Achimwene, kodi waya ameneyu agwira pa magalasi?"

"Bwana, akalowa ndiye kuti agwira. Ndi orijino ameneyo."

"Nanga akakana?"

"Mudzabwere, tidzakupatsani wina."

Wina uja amagulidwa, sapatsidwa. Adaputa yolondola ikapezeka, pamatsala mlonda wina wotchedwa HDCP, amene ntchito yake ndi kuletsa anthu kukopera mafilimu. Adaputa ikapanda kumudziwa, zonse zimaoneka bwino kufikira filimu itayamba, basi mdima, mawu okha n'kumamveka. Pamenepo munthu amakhala ali ndi wailesi yovala kumaso.

Batire nalo lili ndi mlandu wake. Magalasi amadya magetsi a foni, ndipo bowo lotchajira ndi lomwelo limene alowamo. Wofuna kuonera uku akutchaja afunika adaputa inanso.

Maso, mphuno ndi apabanja

Mtunda wa pakati pa maso a munthu wamkulu umakhala pafupifupi mamilimita 63, ndipo opanga amayezera pamenepo. Amene maso ake anatalikirana kapena kuyandikana kuposa apo amaona mbali imodzi ya chithunzi mwachimbuuzi. Wosaona patali amafunikabe mandala ake, chifukwa chithunzi chimaikidwa ngati chili patali. Xreal imafuna timandala tapadera tolowetsa mkati, pamene magalasi ena a Rokid ndi Viture ali ndi kagudumu kosinthira. Kulemera kwatsika: HMZ-T1 inkalemera magalamu oposa 400, pamene Xreal Air sifika magalamu 80. Mphuno imadandaulabe, koma mochedwerapo.

Oonera kunja saona kanema aliyense. Amaona bambo wamkulu atavala magalasi akuda usiku m'nyumba, waya akulendewera kukhutu, akumwetulira khoma, dzanja likufufuza kapu ya tiyi mbali imene kulibe. Mayi a kunyumba kwa mlembi anafotokozapo maganizo awo pa sayansi imeneyi m'funso limodzi: "Kodi bambo, tiitane abusa kapena mudya kaye?"

Kasungidwe

Mandala apukutidwe ndi kansalu kofewa, osati m'mphepete mwa malaya. Magalasi asasiyidwe padzuwa, pakuti mandala amasonkhanitsa kuwala n'kuwononga timasikirini. Waya asapindidwe pafupi ndi pulagi, chifukwa si waya aliyense wa USB-C amene amanyamula chithunzi, ndipo wa chaja sangalowe m'malo mwake. Malo osungira amene amalimbikitsidwa ndi kabokosi kolimba kamene amabwera nako. Malo amene amasungidwadi ndi dirowa ya m'munsi, pamodzi ndi machaja a mafoni amene anabedwa kalekale, marimoti opanda TV ndi ma adaputa onse oyenda mbali yolakwika. Mmenemo magalasi amakhala bwino zaka zambiri osawonongeka, kudikira kuti mwini wake agule foni yoyenera, nkhani imene pakali pano ikadali m'manja mwa komiti ya zachuma ya pakhomo.