Mmalawi wa Chikwama Kumsana Ndi Wageni Basi

Mzungu akabereka chikwama chachikulu, n'kuvala kabudula wong'ambika ndi mapatapata, anthu amati akuona dziko. Tsiku limene ine ndinatuluka m'nyumba nditabereka changa, aneba anapita kukafunsa mayi a kunyumba ngati banja latha.

Tinalipo atatu: ine, alamu anga, ndi mkulu wina wa kutchalitchi kwathu amene tinamusankha usungichuma chifukwa chibadwire sanakongozepo munthu ngakhale K50. Cholinga chinali kukaponda Zanzibar ndi ndalama zoti munthu wanzeru sangadutse nazo pa Jenda. Tinasonkha, mkuluyo n'kuzipinda m'sokosi, n'kugula kope lolembamo chilichonse chotuluka. Kuyambira pamenepo ufulu wathu unatha. Botolo la madzi linkafuna msonkhano.

Pachipata cha Songwe amayi a geni anatifunsa kuti, "Achimwene, mukukaoda chiyani ku Kariakoo?" Ndinayankha modzikweza kuti tikukangoona malo. Anaseka mpaka kugwirana mapewa. Mmodzi anandinong'oneza kuti ndisaope, nawonso sauza anthu katundu amene akuyenda malonda.

Titawoloka malire, pa Kasumulu tinakwera minibasi kudzera ku Tukuyu, kumene nthochi zilibe ulemu chifukwa chochuluka. Msungichuma anagula mkoko wathunthu, n'kulemba m'kope kuti chakudya cha ulendo wonse chatheka. Alamu ndiwo anausenza.

Ku Mbeya tinapeza chipinda cha bedi limodzi ndi neti imodzi yobooka. Mwini malo anatiuza kuti tiyi wa m'mawa ndi waulere, ndipo amaperekedwa "saa mbili". Msungichuma atamva zaulere sanagone. Anatidzutsa 2 koloko usiku, tinakakhala pakhonde makapu ali m'manja, udzudzu ukutidya. Mlonda ndiye anatimvera chisoni n'kutifotokozera kuti kumeneko maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, ndiye ola lawo lachiwiri ndi 8 koloko yathu. Amene anamasulira mawuwo madzulo aja ndinali ine, katswiri wa Chiswahili amene sukulu yake yonse ndi nyimbo za Diamond Platnumz.

Sitima ya TAZARA ndiyo inatipukuta misozi. Njanji imeneyi anamanga ndi Matchaina kuyambira 1970 mpaka 1975, makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Kapiri Mposhi, kuti mkuwa wa ku Zambia uzifika kunyanja osadzera kwa Ian Smith. Ife tinakwera kalasi yotsikitsitsa, pamodzi ndi matumba a mpunga. Chakumapeto njanji imadutsa m'nkhalango ya nyama ya Nyerere, ndipo pawindo tinaona mbidzi ndi akadyamsonga. Azungu amalipira madola kuti aone zimenezi. Msungichuma analemba m'kope kuti "kuona nyama: 0", n'kudula mizere iwiri kunsi kwake. Sindinamuonepo ali wokondwa chonchija, ngakhale pa ukwati wake.

Kudoko la Dar es Salaam tinapeza kuti mlendo amalipira chombo mtengo wa madola, wokwera kuposa wa eni dziko. Komiti inagamula kuti ine ndipite pawindo ngati mwana wa ku Tanzania. Ndinapereka moni bwinobwino. Mayi wogulitsa matikiti anayankha ndi chiganizo chachitali, ine n'kungoti, "Pepani, mwati bwanji?" Sokosi inavulidwa pomwepo, anthu akuona.

Titafika ku Zanzibar, mu Stone Town tinasochera m'tinjira topanikizana toti awiri sangayende mogundizana mapewa ngati wina wasenza nthochi. Madzulo tinapita ku Forodhani, kumene amawotcha nsomba ndi nyama pamphepete pa nyanja. Tinazungulira kawiri, kufunsa mitengo, kugwedeza mutu ngati anthu okhuta, kenako tinakakhala pakhoma n'kutulutsa buledi ndi chiponde cha kunyumba. Alamu anapempha madzi a nzimbe. Msungichuma anati, "Alamu, mano muli nawo. Ku Dwangwa mudzatafuna nokha."

Malo amodzi okha ndi amene sokosi inatseguka popanda mkangano: tchalitchi cha Anglican chimene anachimanga pamene panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. Wotionetsa malo atamva kuti ndife a ku Malawi, anatchula Nkhotakota, kumene a Jumbe ankawolotsera anthu panyanja ulendo wa ku Kilwa. Tinalowa m'zipinda zapansi za pamalopo, zoti munthu suimirira bwino. Ndalama imeneyo m'kope simo.

Pobwerera tinati tingodutsa pamsika wa Kariakoo, kungoona basi. Koma chikwama cha mzungu chija chili ndi matumba ambiri, ndipo chitenje chikapindidwa bwino chimalowa paliponse. Ndalama ya malo ogona inapita ku zitenje, ya chakudya ku nsapato za ana, ndipo msungichuma, munthu wa Mulungu, anagula mafoni awiri. Tinagona pa depoti titatsamira katundu wathu.

Zitenjezo ndinazigulitsa pangongole kwa azimayi a m'dera lathu. Mwezi uno ndi wachitatu ndikuyenda khomo ndi khomo ndi kope lija, ndipo aliyense akuti ndibwere pa 30.