Njinga Yosaphwa Tayala

M'masewera a pa intaneti a Zwift, munthu amamangirira njinga yake pa kachipangizo m'chipinda n'kuyamba kupalasa, maso ali pa sikirini. Thukuta kamukamu, fani ikupemerera, koma njinga ili pompo. Woyenda ndi kamunthu ka pa sikiriniko, pa chilumba cha Watopia chomwe pa mapu palibe.

Mu 2025 eni masewerawa adabweretsa nkhani yabwino: njinga ya kamunthuko mutha kuikonzetsa kuti izithamangako pang'ono. Masitepe ake ndi asanu. Pa sitepe iliyonse muyenera kukwanitsa mtunda, maola kapena zitunda zomwe akufuna, kenako mulipire ndi ndalama yakomweko yotchedwa Drops, yomwe imapezeka popalasa.

Ine ndangogoma nazo. Njinga yosachita dzimbiri, yosaphwa tayala, yomwe tcheni chake sichidadukepo, ikupita kokonzetsa kasanu konse, mwini wake akunyadira. Palinso ina ya magudumu owala yomwe amaitcha Tron. Kuti uipeze uyenera kukwera mamita 50,000, kuposa kukwera phiri la Everest kasanu, uli pambali pa bedi lako, ana akudutsa ndi makapu a tiyi.

Wakabaza atamva zimenezi angafunse kuti wokwera amalipira zingati. Ayi achimwene, kumeneko wolipira ndi wopalasayo, mwezi ndi mwezi, ndipo amathokoza.

Koma tisawaseke msanga. Tonsefe tidasinthapo foni yabwinobwino kuti uthenga wa "mwadzuka bwanji" uzifika mwachangu.