Kasungidwe ka Mbatata ya Duwa Ikagona

Zomera zambiri za m'maiko otentha zimasunga chakudya chake pansi, m'chimbatata. Mvula ikatha masamba amachita chikasu, amafota, chomeracho n'kuzimirira ngati chafa, chonsecho changogona, ndipo chidzadzuka nyengo yake ikakwana. Mlembi wa danga lino anaitanitsa chimbatata chimodzi chotere kuchokera kunja, ndipo tsiku lolipira linafika kwacha itangotsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Analipira ndalama za sikono zambirimbiri, chinthucho chitafika chinatulutsa tsamba limodzi, n'kugona. Kuyambira pamenepo pakhomo pake chimatchedwa Bwana, pakuti palibe winanso amene amadya ndalama zochuluka chotero kenaka n'kutseka chitseko miyezi isanu.

Mfumu ya mbatata zonse zotere ndi Amorphophallus titanum, ya ku nkhalango za Sumatra. Katswiri wa zomera wa ku Italy, Odoardo Beccari, ndiye anailemba m'mabuku a sayansi mu 1878, ndipo inachita duwa koyamba kunja kwa kwawo mu 1889, m'munda wa Kew ku London. Ina ya ku Edinburgh itaikidwa pasikelo mu 2010 inalemera makilogalamu oposa 153, kunena kwake matumba atatu a chimanga ndi kachenji. Duwa lake limanunkha nyama yowola pofuna kukopa ntchentche. Ya mlembiyu ndi mng'ono wake, Amorphophallus konjac, imene ku Japan amaikonza n'kudya. Udindo wake ndi wotsikirapo, koma tulo n'chimodzimodzi.

Choyamba posunga ndi kudziwa mtundu wa Bwana amene ali m'manja. Konjac ndi Caladium, ya masamba amawangamawanga ija yochokera ku South America, zimafukulidwa n'kusungidwa zouma. Titanum safuna kuumiratu. Amasiyidwa m'dothi lake lomwelo, lachinyezi pang'ono, chifukwa mabwana aakuluakulu sachotsedwa pampando ngakhale akugona.

Kufukula kumadikira mpaka tsamba litagwa lokha. Pamene likufota, chakudya chimakhala chikubwerera m'chimbatata, ndipo wodula tsamba lobiriwira amadula malipiro a Bwana a chaka chamawa. Dothi limachotsedwa ndi manja, khasu likhale kutali, poti bala laling'ono ndilo khomo la kuwola. Pakapezeka powola, amadulapo ndi mpeni woyera mpaka pafike mnofu wolimba, kuwazapo ufa wa sulphur kapena makala osinja, n'kuyanika pamthunzi masiku angapo. Mlembiyu anachita zonsezi atagwada pakhonde, mayi a kunyumba akuyang'ana, ndipo iwo anangoti: "Bambo a Mphatso, ine nditadzicheka ndi mpeni chaka chatha munati ndimange kansanza."

Malo ogona akhale amdima, ouma, odutsa mphepo. Thumba la pepala kapena katoni ya utuchi wouma ndi zabwino. Jumbo ndi manda, chifukwa chimbatata chimapuma ndipo chinyezi chikatsekeredwa chuku sichichedwa. Kuzizira nako kumapha. Caladium amafuna malo osatsika madigiri 15, kotero kuti mu Juni ndi Julayi simenti ya ku Dedza simuyenera, ndipo ku Thyolo ndi ku Blantyre chiperoni chikamawaza katoni iyenera kukwezedwa pamwamba. Mufiriji samaika, ngakhale kuti firiji ya mlembiyu, malinga ndi momwe magetsi amayendera m'dera lake, mwina ndiyo malo ofunda kwambiri m'nyumbamo. Bwana wake amagona pamwamba pa wadilopu, pamene panali sutikesi ya zovala za ukwati, imene tsopano ili kunsi kwa bedi.

Nzeru zonsezi mlembiyu anazipeza pa intaneti, atawononga bandulo zitatu. Agogo ake akazi ankasunga mbatata m'nkhuti, kuwazamo phulusa, kusankha zopanda mabala, kufotsera bwino, n'kumadya mpaka chilimwe, popanda amene anawatcha katswiri.

Adani a Bwana wogona ndi makoswe, chuku, kodikodi wobisala m'makwinya a khungu, ndi poto. Wachinayiyu mabuku a ku Ulaya samutchula, chifukwa sadziwa kuti kuno chilichonse chozungulira chochokera m'dothi ndi chomwera tiyi. Konjac ndi wachibale wa koko, ndipo wosakonzedwa bwino amayabwa kukhosi koopsa. Gloriosa superba, duwa lofiira ngati malawi lija limene limamera m'tchire mwathu ndipo ndi duwa la fuko la Zimbabwe, ndiye woopsa zedi. Mbatata yake yamphanda ili ndi poizoni wotchedwa colchicine, ndipo anthu amafa akaidya poiyesa chilazi kapena mbatata wamba. Ndi yosachedwanso kuthyoka, ndipo nsonga yake ikaphwanyika siphuka. N'chifukwa chake katoni iliyonse ilembedwe dzina ndi tsiku, ndipo ikhale kutali ndi khitchini ndi ana. Ya mlembiyu inalembedwa kuti "Osadya, Bwana akugona," ndipo mlamu wake, amene anabwera kudzacheza sabata imodzi mu Meyi ndipo anali akadalipo, anathokoza poyesa kuti akunena iye.

Kamodzi pamwezi wosunga amatsitsa katoni kukaona ngati Bwana akugona kapena wamwalira, zinthu ziwiri zimene m'maofesi ambiri zimavuta kusiyanitsa. Pa chimbatata n'chapafupi. Chamoyo chimalimba ndipo chimalemera m'dzanja. Chikachita makwinya pang'ono palibe mlandu, utuchi ungowazidwa timadzi. Chikafewa, kutuluka madzi ndi kununkha, ndiye kuti mwambo wa maliro ukhoza kuyamba, ndipo mayi a kunyumba sadzafunsa chipepeso koma risiti.

Mbatata zosowa kwenikweni sizifuna ndalama zakunja. Paphiri la Nyika pali mitundu yoposa 200 ya maluwa a orchid, ndipo yambiri imagona pansi m'chilimwe monga Bwanayu. Timbatata ta mitundu ya Disa, Satyrium ndi Habenaria ndito timapangira chikanda, kapena kuti chinaka, posakaniza ndi nsinjiro ndi soda. Kale anthu ankakumba zoti adye pakhomo, n'kubwezera m'dothi tsinde kuti lidzaphukenso. Lero timakumbidwa m'matumba kupita ku misika ya ku Zambia, ngakhale m'malo otetezedwa, ndipo kachimbatata kakachoka popanda kubwezera tsinde, chomera chatha. Wokumbayo ali ndi ana ofuna fizi, ndipo sangadzudzulidwe ndi munthu amene anaika malipiro ake mukatoni ya utuchi. Koma n'zamanyazi kuti m'dziko lokhala ndi sukulu za ulimi ndi za nkhalango chikanda chikukumbidwabe m'tchire, pamene mlendo wa ku Asia akugona pamwamba pa wadilopu ngati mwana wa mfumu.

Kudzuka kwa Bwana kumadziwika ndi kamphukira kofiirira pakati pa chimbatata, nthawi zambiri kutentha kwa Okutobala kukafika. Chimabzalidwa kamphukirako kataloza kumwamba, m'dothi losasunga madzi, mozamirapo ndithu chifukwa mizu imatulukira pamwamba pa chimbatata, ndipo madzi amathiridwa pang'onopang'ono mpaka tsamba litaoneka. Konjac wokhwima ali ndi khalidwe lina: amatha kuchita duwa ali pashelefu, popanda dothi ngakhale dontho la madzi, fungo lake lofanana ndi la mkulu wake wa ku Sumatra. Wa mlembiyu anatero usiku wa Loweruka. Pofika m'mawa ana anali atasuntha mipando yonse kufunafuna khoswe wakufa, eni nyumba anabwera ndi munthu wokonza mapaipi, ndipo mlamu uja anamanga katundu wake n'kukwera minibasi ya m'mamawa.