Ndikumanga Mzinda ndi Chiwaya Chimodzi

Azungu angotulukira kumene nzeru yomwe ife a ku Nchalo tinabadwa nayo: kuti munthu wopita kumpira amapita ndi mimba yake. Ku Atlanta, timu ya Braves itasamukira kubwalo latsopano mu 2017, inazunguliza bwalolo ndi mahotela, masitolo, malo odyera ndi nyumba za lendi, n'kutcha malowo The Battery. Ku London nako, pozungulira Wembley padzaza nyumba zosanjikizana ndi mashopu. Masamu ake ndi apafupi. Bwalo limagwira ntchito masiku owerengeka pachaka, pamene pakamwa sipadziwa holide.

Mlamu wanga wa ku Joni atandionetsa zimenezi pafoni, ndinaona kuti Mulungu wandikumbukira. Bwalo tili nalo kale, Kalulu Stadium, pakati pa minda ya nzimbe. Chomwe chimasowa ndi munthu wa masomphenya, ndipo nditayang'ana uku ndi uku ndinapeza kuti munthuyo ndine.

Mpamba unachokera ku banki m'khonde, m'dzina la mayi akunyumba, chifukwa dzina langa kumeneko amalitchula akamaphunzitsa mamembala atsopano za kuipa kwa ngongole. Gawo loyamba la chitukuko linali chiwaya cha tchipisi ndi kanyenya. Gawo lachiwiri, benchi. Hotela inali mkeka pansi pa mtengo, ndipo malo oimikapo magalimoto ndinawapereka kwa anyamata a kabaza, omwe mpaka lero sakudziwa kuti ndine landilodi wawo.

Tsiku la mpira waukulu zinthu zinkaoneka ngati zitheka. Maminibasi anatsika phiri kuchokera ku Blantyre, ng'oma zikulira, mbendera zili petupetu. Koma wokonda mpira wa kuno amabwera ndi ndalama yolowera pageti basi, ina yonse ndi mawu. Timu yake ikapambana amati, "Akulu, lembani, lero ndi chisangalalo." Ikagonja amati, "Akulu, lembani, lero ndi maliro." Mpira utangotha alendo onse anathamangira ku Thabwa kuti akwere phiri kusanade, ine n'kutsala ndi kope lodzaza maina ndi mafuta ozizira. Ndati ozizira mwaulemu chabe. Mu Okutobala kuno palibe chimazizira.

Lolemba m'mawa mzinda wanga unali ndi nzika zitatu: ine, galu, ndi mbuzi yomwe inabwera kudzafunsa za m'bale wake.

"Bambo a Mavuto," anatero mayi akunyumba, "doko lija silinakuphunzitseni kanthu?"

Apa anandibaya. Mu Okutobala 2010 ndinali m'gulu la anthu omwe tinakhamukira ku Nsanje pamene a Bingu wa Mutharika amatsegulira doko, a Robert Mugabe ndi a Rupiah Banda ali pomwepo. Tinamva kuti Nsanje isanduka mzinda. Chombo chomwe tinkadikira chinagwidwa ku Mozambique, koma ine ndinabwerako nditasankha kale pomwe padzakhale ofesi yanga.

Komabe pa nkhani yogwiritsa ntchito malo amodzi m'njira zambiri, a ku Atlanta abwere adzaphunzire. Bwalo la mpira la kumudzi kwathu m'mawa ndi busa la mbuzi, masana anthu amayanikapo mapira, madzulo mpira, Lamlungu chitsitsimutso, nthawi ya kampeni msonkhano wolandirira nsalu. Madzi akasefukira, monga anachitira ndi namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023, mabwalo a masukulu amasanduka midzi ya matenti. Zonsezi popanda katswiri wojambula mapulani.

Chiwaya chidakalipo, ndipo gawo lachitatu, lomwe ndi ambulera, likudikira kuti a banki m'khonde aiwale nkhope yanga. Inu amene munadya kanyenya tsiku lija n'kulembetsa dzina loti "Ndibweranso", kope ndasunga. Mukamabwera ku Nchalo mudzatenge ndalama yeniyeni, osati nkhani ya netiweki.